Maluwa a pa ndowa akusendeka, dzina la pa thiranki latayikira: vuto lili pati?

Ntchito yanga ndi yolemba zikwangwani ndi kupenta, ndipo masiku ano mafunso ambiri akuchokera kwa anthu amene ayamba kukongoletsa okha ziwiya zapakhomo ndi penti ndi sitensulo, chipepala cholimba kapena pulasitiki yobooledwa zilembo kapena maluwa yodindira penti. Zimenezi zimandisangalatsa kwambiri. Nawa ena mwa mafunsowo.

Mayi wina wa ku Chilomoni akuti: "Ndinajambula maluwa pa ndowa yanga yatsopano yamalata ndi penti yamafuta. Mwezi usanathe maluwawo ayamba kufundula ngati njoka. Kodi anandigulitsa penti yachinyengo?"

Mayi, pentiyo musaiimbe mlandu. Ndowa yamalata imakutidwa ndi zinki kuti isachite dzimbiri, ndipo zinki ndi penti yamafuta sizimvana. Zikakumana, pakati pake pamapangika kanthu koterera ngati sopo, ndiye penti imangokhala pamwamba osagwira. N'chifukwa chake ikusendeka yathunthu, osati kufufuta pang'onopang'ono. Komanso ndowa yatsopano imabwera ndi timafuta ta kufakitale tosaoneka ndi maso.

Palani zonse zimene zatsala. Tsukani ndowayo ndi sopo waufa ndi madzi otentha, kenako ipukuteni ndi kansalu konyowetsa mu viniga, mutsukuluze, iume bwinobwino. Mukapita ku hadiweya mukafunse pulayima ya malata, penti yoyambirira yothandiza kuti penti yapamwamba igwire, ndipo munene momveka kuti ndi ya galvanised. Ambiri akakupatsani red oxide, yofiira ija, koma imeneyo ndi ya chitsulo chakuda monga mageti ndi mabagalabazi. Pulayima ikauma mutha kujambula maluwa anu. Ndowa yakale imene yasiya kunyezimira n'kuyamba kutuwa imagwira penti bwino kuposa yatsopano, choncho ngati ilipo ina pakhomopo yambirani imeneyo.

Za mabeseni ndi zigubu zapulasitiki ndineneretu pompano. Tembenuzani muone pansi pake. Mukapeza nambala 2 kapena 5 m'kati mwa kachizindikiro ka makona atatu, dziwani kuti pulasitiki imeneyo imakana penti. Kukwecha ndi sandipepa yosalala ya nambala 400 kumathandizako pang'ono, koma chiwiya chimene chimatsukidwa tsiku ndi tsiku sichidzasunga maluwa. Ine ndalama yanga sindingaitayire pamenepo.

Bambo wina wa ku Kasungu akuti: "Mwana wanga wasankhidwa kupita fomu 1 ku sukulu yogonera komweko. Ndinadula zilembo pa katoni kuti ndilembe dzina lake pa thiranki, koma nditachotsa katoniyo penti inali italowa pansi, zilembo zonse zachita ndevu. Ndiponso O ndi A zangokhala zibowo."

Achimwene, choyamba ndikuyamikireni, chifukwa mwana amene wanyamula thiranki yolembedwa ndi bambo ake amanyada nayo. Mavuto anu ndi awiri, ndipo onse ali ndi mankhwala.

Tiyambe ndi katoni. Katoni imamwa penti, m'mphepete mwake mumafufuma, ndiye sigona bwino pa chitsulo. Funani filimu yakale ya ekisire, kapena chikuto chapulasitiki cha faelo. Zimenezi n'zopyapyala, sizimwa penti, ndipo mukazipukuta mumazigwiritsanso ntchito kambirimbiri. Lembani dzinalo pa pepala, ikani pulasitiki pamwamba, muzidulira pa galasi kapena pa thabwa losalala ndi lezala latsopano. Lezala likangoyamba kukoka m'malo modula, sinthani. Pokhota muzitembenuza pulasitikiyo, dzanja lizingoyenda njira imodzi.

Zilembo zokhala ndi mimba, monga A, B, D, O, P ndi R, zimafuna timilatho. Podula O musazungulire mpaka kumaliza. Siyani kampata kosadula pamwamba ndi pansi, kukula kwake ngati mtengo wa machesi, kuti pakati pakhale pogwirira. Mukayang'ana manambala olembedwa pa matumba a feteleza kapena pa mabokosi a katundu mudzaona timizere timeneti. Ngati sitikukusangalatsani, mudzatitseka ndi kaburashi kakang'ono penti ikauma.

Tsopano ndevu zija. Kupatula katoni ija, gwero lake lalikulu ndi ili: penti inachuluka. Pafupifupi aliyense woyamba kumene amaviika burashi n'kumapaka uku ndi uku ngati akupenta khoma, ndipo ubweya wa burashi umakankhira penti pansi pa sitensulo. Sitensulo sapaka, amadinda. Dulani kachidutswa ka siponji ya matilesi akale, kokula ngati bokosi la machesi. Thirani penti pang'ono pa chivindikiro, gunditsani siponjiyo, kenako muidinde pa nyuzipepala kangapo. Mkulu amene anandiphunzitsa ntchitoyi ankaima pambali panga n'kumayang'ana nyuzipepalayo. Sankandilola kukhudza chikwangwani mpaka pamene mawu a m'nyuzipepala akuwerengeka pansi pa chidindo changa. Pamenepo siponji imaoneka ngati yauma, mtima umakuuza kuti palibe chimene chilembeke, koma mlingo wake ndi womwewo.

Matani sitensulo ndi masking tape, tepi yapepala ija, mbali zonse zinayi, ndipo chala china chizipanikiza pafupi ndi pamene mukudinda. Dzanja lizitsika molunjika n'kukwera molunjika, kuyambira m'mphepete mwa chilembo kulowa m'kati. Ulendo woyamba zilembo zidzaoneka zofooka. Musaonjeze penti, dikirani zigwireko kenako mubwereze. Sitensulo muichotse penti isanaumiretu, poinyamula molunjika osaikoka chammbali, ndipo kumbuyo kwake mupukute musanaiike pena.

Pali kanzeru kena kamene ambiri sakadziwa. Ngati thirankiyo mwaipenta yakuda ndipo mukufuna zilembo zoyera, yambani mwadinda ndi yakuda yomweyo. Imeneyo ndiyo idzalowe m'timipata n'kutitseka, ndipo poti ndi mtundu umodzi ndi thiranki sidzaoneka. Apa sitensulo musaichotse, yakudayo ikauma dindani yoyera pomwepo. Zilembo zimatuluka zakuthwa ngati zochokera ku makina. Sankhaninso malo osalala, popanda mizere yotukuka ija ya pa chivindikiro. Zimene zatayikira kale zipaleni ndi sandipepa ya 220 mutazisiya kuti ziume, mupakenso yakuda, muyambirenso.

Ngati mwagula penti yopopera, chitini chikhale masentimita 20 mpaka 30 kuchokera pa thiranki, ndipo muchite zimenezi panja. Nthawi yabwino ndi m'mawa mame atauma, pamthunzi. Chitsulo chimene chakhala padzuwa la Okutobala chimaumitsa penti pamwamba pokha, m'kati muli mwamadzi, ndipo imachita makwinya. Tsiku la chiperoni kapena la mvula ingodikirani.

Mtsikana wina wa ku Mangochi akuti: "Ndikufuna kukongoletsa mbale, makapu, mtsuko wa madzi akumwa ndi kabedi ka mwana wa achemwali anga. Penti yachikasu yotsala popenta mawindo ingachite?"

Achemwali, apa pokha ndikupempheni kuti muleke. Penti zina zamafuta, makamaka zachikasu, zofiira ndi zaolenji, zimakhala ndi mtovu. Mtovu umawononga ubongo wa mwana, ndipo zimene wawononga sizibwerera. Bungwe la WHO limanena kuti palibe mlingo wa mtovu m'thupi umene ungatchedwe wabwino, komanso kuti thupi la mwana wamng'ono limauyamwa kanayi kapena kasanu kuposa la munthu wamkulu. Malire amene mayiko amalimbikitsidwa kutsata pa penti ndi 90 ppm, kutanthauza magawo 90 a mtovu pa magawo miliyoni imodzi a penti, koma chitini chotsala chimene chilibe chizindikiro simungachidziwe ndi maso kapena ndi fungo. Mwana amene akumera mano amaluma m'mphepete mwa bedi, inu mukudziwa.

Pa kabediko gulani penti yamadzi ya acrylic yolembedwa kuti ilibe mtovu, ndipo muone ngati chitinicho chili ndi chizindikiro cha Malawi Bureau of Standards. Ngati bedilo lili ndi penti yakale, poipala muzinyowetsa sandipepa kuti fumbi lisauluke, mwana ndi mayi woyembekezera akhale kutali. Mbale ndi makapu, penti iliyonse isafike m'kati kapena pamene pamakhudza milomo. Kongoletsani thireyi, mafelemu a zithunzi, zitini zodzalamo maluwa.

Mtsuko uli ndi nkhani yakeyake. Madzi amazizira chifukwa dothi limatuluka thukuta, ndipo thukutalo likamauma limachotsa kutentha. Mukaupenta wonse mwatseka timabowo timeneto, madzi azikhala ofunda ngati a m'chigubu. Dindani kamkanda kopyapyala paphewa pake basi, mimba yonse muisiye.

Wina anafunsanso mwachidule za nsalu za patebulo ndi mapilo. Pamenepo pamafunika penti ya nsalu. Chapani nsaluyo kaye kuti sitachi ichoke, ikani katoni pansi pake, dindani monga ndafotokozera, ndipo ikauma tsiku lathunthu muisite chakumbuyo kwa mphindi 3 mpaka 5. Simbi yamakala imachita bwino lomwe, bola muyale kansalu kena pakati kuti phulusa lisagwere pa maluwa.