CL30 sikutanthauza kuti RAM yanu ndi yochedwa

Achimwene, mwafunsa ngati RAM (memory ya kompyuta) ya DDR5-6000 CL30 imachedwa kuposa ya DDR4-3200 CL16 poti 30 ndi wamkulu. Ayi ndithu. Manambala a CL amenewa, 30 ndi 16, amawerenga kugunda kwa wotchi ya RAM. CL ndi kudikira kuchokera pomwe lamulo la READ laperekedwa mpaka deta itayamba kutuluka. DDR4-3200 imagunda pa 1600 MHz, choncho kugunda 16 ndi ma nanosecond 10. DDR5-6000 imagunda pa 3000 MHz, choncho kugunda 30 ndi ma nanosecond 10 omwewo.

Komatu CL si yokhayo. Mzere wa deta mu RAM umatsegulidwa kaye ndi lamulo la ACTIVATE, n'kudikira nthawi yotchedwa tRCD musanawerenge. Mukafuna mzere wina mu bank (chigawo cha RAM) yomweyo, woyambawo utsekedwe, mudikirenso nthawi yotchedwa tRP. Mukafupikitsa nthawizi mopyola mu BIOS (pulogalamu yoyambira ya kompyuta), kompyuta imangozima yokha kapena kuwononga deta osakuuzani. Ine ndingangoyatsa XMP kapena EXPO (ma setting a liwiro ndi nthawi okonzedwa kale ndi opanga RAM) basi.