Kuyankha mayi a ku Namwera pa za ulekichala wa Chingerezi

Mayi, ndawerenga funso lanu limene mwanena kuti mwana wanu wamkazi watsiriza digiri ya zauphunzitsi, ndipo m'malo mofunafuna malo ku sekondale akuti akufuna kupitiriza maphunziro kuti adzakhale lekichala wa linguistics (sayansi ya chilankhulo) ya Chingerezi. Mwafunsa ngati ntchitoyi ndi yosiyana ndi uphunzitsi wa Chingerezi umene tonse timaudziwa, kutalika kwa njira yake, komanso ngati mwana wokulira m'Chiyao angapikisane ndi anzake amene anayamba Chingerezi ali ku mkaka. Ine ndinagwira ntchito imeneyi kufikira pamene ndinapuma n'kubwerera kuno ku Mangochi, choncho ndiloleni ndiyankhe motalikirapo.

Ndiyambe ndi kuwongola maganizo amene ndaona mu mayankho ena, akuti lekichala wa linguistics ndi munthu wothyola Chingerezi ngati mzungu. Kulankhula bwino n'kofunika, koma ntchito yake si imeneyo. Iye amafufuza mmene chilankhulo chinapangidwira: maliwu ake, kamangidwe ka mawu, kasanjidwe ka ziganizo, matanthauzo, ndiponso mmene anthu amachigwiritsira ntchito pakati pawo. Mphunzitsi wa ku sekondale akamva mwana akusokoneza l ndi r amamukonza, ndipo ntchito yake yathera pomwepo. Katswiri wa zilankhulo amafunsa chifukwa chake, n'kupeza kuti m'Chichewa maliwu awiriwa sasiyanitsa tanthauzo la mawu, mwakuti malamulo a kalembedwe ndi amene amatiuza kulemba r ikatsatira i kapena e, monga mu "kulira" ndi "mbereko". N'chimodzimodzi ndi mawu obwereka: timati sukulu, buku, sitolo, chifukwa phatikizo la Chichewa limathera pa lembo la liwu, ndipo lilime limalowetsa a, e, i, o kapena u pamene Chingerezi chaunjika malembo opanda liwu. Ife tili ndi maliwu 5 okha otere, pamene Chingerezi chili ndi oposa 10, ndiye musadabwe kuti mwana wanzeru ndithu amamva ship ndi sheep ngati mawu amodzi.

Chitsanzo chimene ndinkachikonda m'kalasi ndi cha funso lokana. Mukafunsa mlendo kuti "Simunadye?" iye n'kuyankha kuti "Inde", aliyense kuno amadziwa kuti mlendoyo ali ndi njala. Munthu yemweyo akayankha "Yes" pa funso lomwelo m'Chingerezi, mzungu amachotsa mbale poganiza kuti wadya kale. Palinso "I am coming" amene timanena tikutuluka pakhomo, amene ndi "ndikubwera" wathu wovala jekete, ndi "sorry" amene timauza munthu wopunthwa ngakhale sitinamukankhe, chifukwa mumtima tikunena kuti "pepani". Kale zimenezi zinkangotchedwa zolakwika. Katswiri wina wochokera ku India, Braj Kachru, anathandiza kwambiri m'zaka za m'ma 1980 kuti Chingerezi cha m'maiko ngati athu chiziwerengedwa ngati mtundu wa Chingerezi woyenera kuufufuza pawokha, ndipo mpaka lero Chingerezi cha ku Malawi ndi munda umene makasu sanaupitemo mokwanira.

Tsopano za njira. Digiri yoyamba ya zaka 4 wadutsa kale, ndipo chofunika kuchiyang'ana ndi mmene anakhozera, chifukwa mayunivesite amatenga okhoza bwino kwambiri kuti ayambe ngati staff associate kapena assistant lecturer, kuthandiza akuluakulu kuchonga ndi kuphunzitsa timagulu. Kuti akhale lekichala weniweni afunika digiri yachiwiri, masitazi, imene kuno nthawi zambiri imatenga zaka 2, pamene ku Britain yambiri ndi ya chaka chimodzi. Kenako pali PhD, digiri imene mwini wake amatchedwa dokotala, ya zaka 3 kapena 4 ngati zinthu zikuyenda, ngakhale ambiri amapitirira chifukwa amaichita akugwira ntchito ndi kulera ana. Maudindo amakwera kuchoka pa lekichala kupita pa senior lecturer, associate professor, mpaka pulofesa. Mukawerengera bwino, mwana amene ali ndi zaka 23 lero angadzatchedwe dokotala atadutsa zaka 30, ndipo upulofesa umabwera imvi zitayamba. Ndalama zophunzirira kunja zimapezeka kudzera m'mathandizo monga Commonwealth, Chevening, Fulbright ndi DAAD ya ku Germany, koma mpikisano wake ndi waukulu, ndipo ambiri masiku ano amachitira masitazi konkuno kapena ku South Africa.

Malo ogwirako ntchito achuluka poyerekeza ndi kale. Pamene University of Malawi inkayamba kuphunzitsa mu 1965 inali yokhayo m'dziko muno, ndipo Chancellor College itasamukira ku Zomba mu 1973, aliyense wofuna ntchitoyi ankayang'ana ku Chirunga basi, kumene kunali kolejiyo. Mzuzu University inatsegulidwa mu 1999, ndipo mu 2021 Polytechnic inasanduka MUBAS, pamene makoleji a zaumoyo anapanga KUHeS. Onjezerani LUANAR, MUST ya ku Thyolo, Domasi College of Education, ndi mayunivesite a mipingo monga Catholic University ku Nguludi ndi Livingstonia. Ngakhale kumene amaphunzitsa zaulimi kapena zomangamanga, ophunzira a chaka choyamba amatenga phunziro la luso la chilankhulo ndi kalembedwe, ndipo anthu ambiri a linguistics amayambira pamenepo. Asanalipire kulikonse, mwana wanu aone ngati sukuluyo ndi maphunzirowo ndi zovomerezeka ndi NCHE, bungwe la boma loyang'anira maphunziro apamwamba.

Chimene makolo ambiri sachidziwa, ndipo ine ndinachimvetsa mochedwa, n'chakuti pa yunivesite munthu sakwezedwa chifukwa cha zaka zimene wakhala pa ntchito kapena chifukwa ophunzira amamukonda. Amakwezedwa makamaka chifukwa cha kafukufuku amene wasindikiza m'magazini a akatswiri, kumene zolemba zako zimatumizidwa kwa akatswiri ena osakudziwa kuti azipete. Pepala langa loyamba linakhala miyezi yambiri osamva kanthu, ndipo litabwera linali ndi masamba a ndemanga zowawa zimene ndinaziwerenga kamodzi n'kuzitsekera m'kabati kwa sabata yathunthu. Nthawi yolembayo uyenera kuiba, chifukwa masana uli m'kalasi lodzaza mpaka ena ataima pakhomo, ndipo madzulo ukubwera kunyumba ndi katoni ya mapepala a mayeso. Ndikukumbuka usiku wina magetsi atazima ndikuchonga ndi tochi ya pafoni, cholembera chofiira chitatha inki pa pepala la nambala 140, ine n'kupita kukagogoda kwa neba pakati pa usiku. Ndaona anzanga aluso kwambiri pophunzitsa akupuma ntchito ali pa udindo umene anayambira, chifukwa choti sanalembe. Achenjerenso ndi magazini ena a pa intaneti amene amasindikiza chilichonse m'masiku ochepa bola walipira, pakuti makomiti okweza anthu anawadziwa ndipo sawawerengera.

Pa nkhawa yanu ya Chiyao ndi pamene ndikufuna kutsindika, chifukwa chimene inu mukuchiona ngati cholemetsa ndicho chuma cha mwanayo. Munthu wodziwa Chingerezi chokha alibe chochiyerekeza nacho, pamene mwana wanu ali ndi zilankhulo zitatu m'mutu. Akudziwa popanda kuuzidwa kuti pamene Mchewa amati munthu, Myao amati mundu, ndipo maphunziro adzangomupatsa dzina la lamulo limene limafewetsa liwu lotsatana ndi n. Ndiponso sadzakhala woyamba wochokera kwathu kuno. Jack Mapanje, amene ambiri amamudziwa ngati mlakatuli, anabadwira m'mudzi wa Kadango m'boma lino mu 1944, ndipo PhD yake, imene anaitenga ku University College London mu 1983, inali yoyerekeza mmene Chiyao, Chichewa ndi Chingerezi zimasonyezera nthawi m'aneni. Anali mkulu wa dipatimenti ya Chingerezi ku Chancellor College pamene anamangidwa mu 1987 n'kusungidwa ku Mikuyu popanda kuzengedwa mlandu mpaka 1991, ndipo pambuyo pake anakaphunzitsa m'mayunivesite a ku Britain. Akatswiri athu ena otchuka anakweranso ndi zilankhulo za m'dziko muno: Sam Mchombo anakafika ku Berkeley ku America ndi kafukufuku wa ziganizo za Chichewa, Al Mtenje anadziwika ndi za maliwu ndi kamvekedwe ka mawu, Pascal Kishindo ndi Edrinnie Kayambazinthu ndi nkhani za zilankhulo pakati pa anthu ndi ndondomeko za boma.

Ndondomeko zimenezo ndi nkhani yaikulu kwa mwana wa ku Mangochi. Mu 1968 Chichewa chinasankhidwa kukhala chilankhulo cha fuko pambali pa Chingerezi, mu 1996 boma linalamula kuti ana a Sitandade 1 mpaka 4 aziphunzira m'chilankhulo cha kwawo, chaka chomwecho Centre for Language Studies inalowa m'malo mwa Chichewa Board, ndipo mu 2014 kunalengezedwa kuti Chingerezi chikhale chophunzitsira kuyambira Sitandade 1. Zonsezi zimalembedwa ku Lilongwe, koma zimakagwera pa mwana wa ku Makanjira kapena ku Katuli amene amafika pasukulu akudziwa Chiyao chokha. Pa kafukufuku wanga ndinakhalapo kumbuyo kwa kalasi ina kumapiri kwanuko, pansi pa mtengo, ndikumvera mphunzitsi akuwerenga funso m'Chingerezi, kulifotokoza m'Chichewa, kenako kutembenukira ku Chiyao pamene anaona kuti nkhope za ana zili gwa. Manja anakwera pa chilankhulo chachitatucho. Wofufuza wochokera kunja akanafuna womasulira kuti amve zimene zinachitika m'mphindi zimenezo, koma mwana wanu angazilembe yekha, mawu ndi mawu.

Za malipiro sindikunamizani: ndi abwinopo kuposa a ku sekondale, koma si ntchito yolemeretsa, ndipo zaka zoyambirira zimakhala zowawa, makamaka kwa amene akuphunzitsa mwaganyu n'kumadikira malipiro a semesita yatha. Ambiri amawonjezera ndi ntchito zomasulira, kukonza zolemba za mabungwe, ndi kulemba mabuku a sukulu. Chifukwa cha ichi, malangizo anga ndi akuti asakane ntchito ya ku sekondale ikapezeka. Aphunzitse zaka ziwiri kapena zitatu, asunge kandalama, ndipo makope a ana akewo adzamupatsa funso la kafukufuku wa masitazi, chifukwa wopempha malo amene wabwera ndi funso lakelake amaoneka msanga pakati pa anzake amene angolemba kuti amakonda Chingerezi. Asataye ubale ndi malekichala amene anamuphunzitsa, popeza makalata awo omuchitira umboni adzafunika kulikonse kumene angapemphe thandizo.

Pakadali pano mumuuze agule kope limodzi lolimba, ndipo tsiku la msika ku Namwera, kapena akatsikira kuno kuboma pa minibasi, azilemba mmene anthu akusinthira zilankhulo: kondakitala amayamba ndi chiti, amasintha pati, ndipo mtengo wa usipa amautchula m'chilankhulo chanji. Akafuna kujambula mawu pafoni ayambe wapempha eni ake, chifukwa limenelo ndi lamulo la kafukufuku aliyense. Kopelo likadzadza, mundiuze pagulu pompano ndipo ndidzaliwerenga.