Kodi zipani zodana ndi alendo zipatsidwe mpando pa mtsutso wa pa kanema?

Mchemwali wina wa ku Luchenza, amene akuphunzira utolankhani, wanditumizira imelo. Akuti m'kalasi mwawo adakangana mpaka nkhomaliro kuzizira: kodi nyumba zoulutsa mawu ziziitana pa mtsutso wa pa kanema zipani za tsankho, zija zimene mfundo yake yaikulu ndi yoti dziko ndi la mtundu umodzi, alendo achoke? Anzake ena a m'kalasimo akuona kuti kuziletsa n'kupha ufulu wolankhula, koma iye mtima wake sukukhazikika.

Mchemwali, mwandigunda pachilonda, ndiye mundipirire ndikazungulira.

Ife a kunsi kwa phiri la Mulanje nkhaniyi sitiimvera pa BBC pokha. Kuyambira ku Limbuli mpaka ku Bvumbwe, ndi mudzi uti umene ulibe mwana ku Joni? Mng'ono wanga adali wowotcherera zitsulo ku Durban. Malata a nyumba ya amayi adagulidwa ndi ndalama zake, pang'onopang'ono, ndipo itafoleredwa mbali imodzi ndi pamene zipolowe za mu Epulo 2015 zidabuka. Adagona m'tenti pabwalo la mpira, kenaka adakwera limodzi mwa mabasi amene boma lathu lidatumiza. Adafika pakhomo ndi jumbo imodzi: buluku, chaja ya foni, ndi magalasi ake akuda owotcherera. Makina onse adatsala. Kwa miyezi ankati akamva anyamata akukuwa ku mpira, amadzuka pakhonde n'kulowa m'nyumba osanena kanthu. Amayi ankangomuikira nsima pakhomo la chipinda.

Chimene adandiuza atayamba kumasuka ndi ichi. Amene adathyola chitseko chake sadali achilendo. Mmodzi adali neba amene mng'ono wangayo adamukonzerapo geti pangongole. Ndipo zikwanje zisanatuluke, mawu ndi amene adayamba: masabata angapo anthu olemekezeka ankalankhula pa wailesi ndi pa kanema kuti alendo ndiwo akutenga ntchito, ndiwo akuba, alongedze azipita. Ankalankhula modekha, atavala bwino, wowafunsa akugwedeza mutu. Neba uja atamva zimenezo kuchokera pamalo aulemu, chimene ankanong'ona kumowa chidasanduka chinthu choti angachinene masana.

Komatu ine ndidakula nthawi imene wailesi idali imodzi yokha, MBC. Ndikukumbukira bambo akutsitsa mawu a wailesi usiku kuti amve za kalata ya maepiskopi a Katolika ya mu Malichi 1992 kuchokera ku nyumba zoulutsa mawu zakunja, chifukwa yathuyi inkangowanyoza. Chakufwa Chihana atamangidwa mwezi wotsatira, ankatchedwa woukira boma. Wofuna zipani zambiri aliyense adali munthu woopsa wosayenera maikolofoni. Ndiye munthu akandiuza kuti pakhale ofesi yosankha chipani choopsa ndi chosaopsa, thupi limandizizira. Kuno kwathu, kumene chisankho chilichonse otsutsa amadandaula kuti wailesi ya boma yakondera olamula, mphamvu imeneyo ingagwere m'manja mwa yani? Pamenepa anzanu a m'kalasi ali ndi mfundo, ndipo si yaing'ono.

Ali ndi chitsanzo chawonso. Mu Okutobala 2009 BBC idaitana Nick Griffin, mtsogoleri wa British National Party, chipani chodana ndi alendo cha ku Britain, pa pulogalamu ya mafunso, chipani chake chitapata mipando iwiri ku nyumba ya malamulo ya Ulaya. Anthu pafupifupi 8 miliyoni adaonera, ndipo adaoneka wosokonezeka, akulephera kuyankha pa zimene adanenapo kale. Chaka chotsatira adagonja pa mpando wa phungu wa ku Barking, mu London, chipani chake n'kutaya makhansala onse 12 m'deralo. Anthu amati onani, kuwala kudamuyalutsa. Koma amaiwala kuti pa chisankho chomwecho cha 2010 chipanicho chidapeza mavoti oposa theka la miliyoni, ochuluka kuposa pa chisankho chachikulu china chilichonse m'mbiri yake, ndipo chimene chidachigwetsa pambuyo pake ndi ngongole ndi mikangano ya m'kati.

Taonani ku France. Jean-Marie Le Pen, mtsogoleri wa chipani chodana ndi alendo kumeneko, adali munthu wa kumphepete mpaka pamene kanema wa Antenne 2 adamupatsa pulogalamu yathunthu mu Febuluwale 1984. Pofika Juni chaka chomwecho chipani chake chidapeza pafupifupi mavoti 11 pa 100 alionse. Mu 2002, awiriwa atatsala pa mpikisano wa upulezidenti, Pulezidenti Jacques Chirac adakana kukhala naye pa mtsutso, ndipo adapambana ndi mavoti 82 pa 100. Ku Belgium dziko limodzi lidayesa njira zonse ziwiri. Chisankho cha 1991 chitakweza chipani chodana ndi alendo cha Vlaams Blok, mbali yolankhula Chifalansa, motsogozedwa ndi kanema wa RTBF, idagwirizana kuti zipani zotere zisamalankhule pompopompo. Zizijambulidwa kaye, mawu awo aziulutsidwa ataunikidwa. Mbali ya Flanders, yolankhula Chidatchi, idatsegula zitseko. Lero Vlaams Belang, cholowa m'malo mwa chija, ndi chimodzi mwa zipani ziwiri zazikulu ku Flanders, pamene ku Wallonia, mbali yolankhula Chifalansa ija, zipani zotere zikukanika kumera. Zifukwa zina zilipo, inde, koma munthu asandiuze kuti kanema alibe gawo.

Ndikamalemba chonchi maganizo anga akulimba. Ayi, asapatsidwe mpando umenewo. Mtsutso ndi wa anthu osiyana pa njira: wina akuti fetereza wotsika mtengo, wina akuti ulimi wamthirira, wina akuti msonkho utsike. Onse akuvomereza kuti woonera aliyense ndi munthu. Amene wabwera kudzanena kuti ena mwa oonerawo sayenera kukhala m'dziko, sakutsutsana ndi mnzake wa pagome lina, akuloza chala mayi amene wakhala pamphasa kunyumba ndi ana ake, amene alibe mphindi ziwiri zoti ayankhe. Ndipo bodza lake limatha m'mpweya umodzi: alendo adzaza zipatala. Kuti mulitsutse mufunika ziwerengero, malipoti, nthawi, pamene woyendetsa mtsutso akuloza wotchi. Mawa pa WhatsApp chimayenda ndi kachidutswa ka bodza kaja, yankho lanu litadulidwa. Madzi akatayika saoleka.

Wina anena kuti izi n'za ku Ulaya ndi ku Joni, kuno kulibe chipani chotere. Chipani kulibe, koma nthaka yake ilipo. Mwaiwala 2017? Mphekesera ya anamapopa itafalikira muno mu Mulanje, Phalombe ndi Thyolo, anyamata adatchinga misewu ndi mitengo, kusecha magalimoto, ndipo anthu adaphedwa chifukwa chongokhala nkhope yosadziwika. United Nations idachita kuchotsa antchito ake m'maboma ena. Ine ndidaona ndi maso wogulitsa mankhwala a mbewu atazingidwa pamsika, akutulutsa mabotolo m'chikwama limodzilimodzi, manja akunjenjemera, mpaka a mfumu atabwera kudzamuchitira umboni. Padalibe wandale pamenepo. Tangoganizani akadakhalapo, ali ndi tayi ndi mphindi zake pa kanema. Ndiponso ife Alhomwe tikumbuke kuti agogo athu ambiri adaoloka kuchokera ku Mozambique n'kudzagwira thangata m'minda ya azungu, akunyozedwa ngati obwera. Mu 1989 aphunzitsi ochokera kumpoto adalamulidwa kubwerera kwawo. Zoti uyu si wathu taziona kale m'dziko muno.

Nanga chipani chikakula?

Apa pokha ndiye pamavuta. Ku Germany chipani chodana ndi alendo cha AfD chidakhala chachiwiri pa chisankho cha Febuluwale 2025, ndi voti imodzi mwa asanu alionse, ndipo mtsogoleri wake Alice Weidel adaima nawo pa mitsutso. Ku South Africa gulu lothamangitsa alendo la Operation Dudula lidalembetsa ngati chipani mu 2023. Simungachite ngati anthu amenewa kulibe, ndipo owavotera ali ndi madandaulo enieni a ulova ndi nyumba ofunika kumvedwa. Kuwabisa ayi. Chimene ndikukana ndi maikolofoni ya pompopompo.

Tsono mchemwali, mukadzakhala pa mpando wa mkonzi, muyezo wanu usadzakhale dzina la chipani kapena zimene boma lanena, koma zimene chipanicho chidalemba ndi kulankhula chokha, kapena zimene khoti lidagamula, monga lidagamulira mu 2004 kuti Vlaams Blok ndi chipani cha tsankho. Muyezowo ulembedwe poyera chisankho chisanayandikire, ndipo ugwire aliyense, ngakhale wolamula. Oterowo muwajambule kaye, muwafunse mafunso olimba, mufufuze chiwerengero chilichonse, ndipo amene akunenedwawo alankhule m'pulogalamu yomweyo. Koma kumene mudzakumane nazo msanga si pa mtsutso wa ofuna upulezidenti. Ndi pa pulogalamu yoimba foni, usiku, wina akadzayamba kuti a chigawo chakuti kapena a ku Mozambique ogulitsa pa Muloza ndiwo atisaukitsa. Mudzadule foniyo, ndipo mudzauze omvera chifukwa chake nthawi yomweyo.