Ukufuna kuchiza agogo oiwala? Yamba wakonza Chemistry

Kalata ya sabata ino yachokera kwa mtsikana wa Fomu 4 wa ku Chibavi. Agogo ake aakazi ayamba kuiwala maina a ana awo, tsiku lina anasochera pochokera kumsika, ndipo anthu ayamba kunong'ona za ufiti. Iye wawerenga za ma ion channel ndipo akufuna "kudzapeza mankhwala a Alzheimer's", matenda a muubongo oiwalitsa anthu okalamba. Bambo ake akuti akapanda kusankha udokotala, fizi adzadzipezere yekha.

Makalata otere ndimalandira chaka ndi chaka.

Mwanawe, ndisakunamize. Dokotala Alois Alzheimer anafotokoza matendawa mu 1906, ndipo mpaka lero palibe mankhwala owachiziratu. Digiri yoyamba siidzakupezetsa chimene chakanika akatswiri zaka zoposa 100.

Koma pamene wagwirapo ndi penipeni. Ma ion channel ndi timakomo ting'onoting'ono pakhungu la selo ya muubongo, timene timatseguka ndi kutsekeka kuti sodium, potassium ndi calcium zidutse. Uthenga muubongo umayenda choncho. Mu Alzheimer's, kakhomo kotchedwa NMDA kamatsegukatseguka chifukwa cha glutamate (kemikolo yonyamula uthenga muubongo), calcium amalowa wambiri, selo imafooka mpaka kufa. Mankhwala otchedwa memantine amaima pakakhomoko. Amachepetsako zizindikiro, koma matenda amapitirirabe. Asayansi Erwin Neher ndi Bert Sakmann analandira mphoto ya Nobel mu 1991 chifukwa cha njira yoyezera magetsi odutsa pa kakhomo kamodzi kokha. Wamva? Magetsi. Physics yomwe ija mumaithawa masana mukadya nsima.

Njira imene ine ndimaikhulupirira ili pompano pa Luwinga: Biomedical Sciences ya ku Mzuni. Kumeneko udzazolowera labu, udzadziwa mmene selo imagwirira ntchito ndi mmene mankhwala amayendera m'thupi. Ukakhoza bwino, funa malo m'magulu a kafukufuku monga Malawi-Liverpool-Wellcome ku Blantyre, kenako Masters ya zaubongo, mwina kunja. Ndi ulendo wautali, ndipo malipiro oyambirira sangakumangire nyumba ku Katoto. Ngati mtima wako uli pa wodwala weniweniyo osati pa selo, St John of God ili konkuno ku Mzuzu ndipo imaphunzitsa zaumoyo wa maganizo.

Inu bambo, mundimvere. Malo a udokotala ku KUHeS, yunivesite ya zaumoyo, ndi ochepa, ndipo oopsezedwa ndi fizi ndi amene amabwera kwa ine patatha zaka ziwiri atatopa ndi kosi imene sanaifune. Dokotala wolemba memantine papepala amadalira munthu amene anakhala mu labu. Mphamvu mukuthera pokangana ndi mwanazo, tengerani mayi anu kuchipatala akawapime, onong'ona za ufitiwo asanawachite chipongwe.

Tsopano iwe. Walemba kuti pa mock unapeza 5 mu Chemistry. Ma ion channel sangakumvere ndi 5. Itsitse ifike 2 pa MSCE, ndiye udzandilemberenso.