Kompyuta ya 486 ikuiwala tsiku, kiyibodi ikufa

Funso: Ndili ndi kompyuta ya 486 yomwe ili ndi MS-DOS 6.22 ndi Windows 3.1. Ndikaiyatsa imalemba "CMOS checksum error", tsiku limabwerera m'mbuyo, ndipo masiku ano kiyibodi imangosiya kugwira ntchito. Ndiikenso DOS?

Yankho: DOS isiyeni, ilibe mlandu. Tsegulani kompyutayo muone batire. Mabodi akuluakulu (motherboard) ambiri a makompyuta a 386 ndi 486 ali ndi batire la NiCd la 3.6V, looneka ngati kamgolo, lowotcherera pabodi pafupi ndi polowera kiyibodi. Batirelo ladutsa zaka 30. Likatha mphamvu BIOS, pulogalamu ya pabodi yodzutsa kompyuta, imaiwala tsiku ndi zonse zimene inasunga mu CMOS, koma choopsa n'chakuti limadontha madzi amene amadya tinjira ta kopa todutsamo magetsi pabodi. Tinjira ta kiyibodi tili pomwepo, n'chifukwa chake ikufa.

Yang'anani kaufa koyera m'mbali mwa batire, ndi miyendo ya tizipangizo yomwe yasanduka yobiriwira. Muonenso kunsi kwa bodi ndi m'siloti ya ISA (polowetsa makhadi owonjezera) yoyandikana nalo, chifukwa madziwo amayenda. Dulani batirelo lero lomwe, ngakhale likuoneka labwino. Anthu amasunga makompyutawa zaka zambiri batire lili momwemo, kenako n'kumadabwa kuti bodi yafa bwanji.

Madzi a batire ili si asidi, ndiye amathetsedwa ndi viniga woyera. Pakani ndi mswachi wakale, muona kathovu. Kathovu kakatha tsukani ndi sipiriti ya isopropyl, muumitse tsiku lathunthu. Kenako tengani mita yoyezera magetsi (multimeter) muyeze kanjira kalikonse, kuchokera polowera kiyibodi mpaka pa chipu chake. Osadalira maso: kanjira kamaoneka kathunthu koma kataduka pansi pa utoto wobiriwira. Koduka kalumikizeni ndi kawaya kopyapyala.

Musawotcherere batire laphanthiphanthi la CR2032 pamalopo mwachindunji. Bodiyo imatchaja batire, pomwe CR2032 silitchajidwa, ndiye litupa kapena kudontha. Ikani pakati dayodi, kachipangizo kolola magetsi kuyenda mbali imodzi yokha, monga 1N5817. Chabwino koposa, ngati bodi ili ndi mapini anayi a batire lakunja, lumikizani mabatire atatu a AA pamenepo, muwamangirire kutali ndi bodi. Mabodi ena amafuna kusuntha kaye jampa, kachivindikiro kolumikiza mapini awiri. Ngati batire simukuliona, fufuzani kabokosi kakuda kolembedwa Dallas DS1287 kapena DS12887, batire lili m'kati mwake.

Funso: Ndawonjezera RAM kufika 1GB pa Windows 98 SE, koma ndikatsegula windo la DOS imati memori yachepa. Zikutheka bwanji?

Yankho: Mwaipatsa yochuluka kwambiri. Windows 98 imasokonezeka RAM ikapitirira 512MB, chifukwa vcache, gawo la Windows losungira mafayilo mu RAM kwa kanthawi, imalanda malo amene mapulogalamu a DOS amafuna. Mu fayilo ya system.ini, pansi pa mutu wa vcache, lembani MaxFileCache=524288. Vuto likapitirirabe, pansi pa 386Enh lembani MaxPhysPage=20000 kuti iziona 512MB basi. Kapena ingozulani RAM yowonjezerayo. Masewera a 1998 alibe nayo ntchito.

Funso: Ndachotsa hadi disiki n'kuikapo khadi ya CompactFlash ya 4GB kudzera pa adaputala ya IDE. Mafayilo ndakopera onse koma DOS sikudzuka.

Yankho: Kukopera mafayilo sikupangitsa disiki kudzutsa kompyuta. Yatsani ndi fulopi ya DOS, mufufute magawo onse ndi FDISK, mupange latsopano losapitirira 2GB, poti FAT16 imathera pamenepo, ndipo mulisankhe kukhala active, kutanthauza lodzutsa kompyuta. Mukayatsanso ndi fulopi yomweyo lembani fdisk /mbr, kenako format c: /s. Chitani zimenezi pa kompyuta yakale yomweyo, osati pa yatsopano, chifukwa ziwirizi zimawerenga masilinda mosiyana. BIOS yakale yopanda LBA, njira yowerengera madisiki aakulu, iona 504MB zokha, musalimbane nayo.

Zikakanikabe, kaikirani adaputala. Zotchipazi zimabwera mapini atawotchereredwa mwachisawawa, ndipo zambiri zimafuna magetsi akeake kudzera pa waya wa magetsi wa fulopi, womwe anthu amaiwala kulumikiza.