Nyumba ya "pafupi ndi tram" ija musaithamangire

Achemwali, za nyumba ya lendi mwaipeza ku njira ya ku Bury ija, yomwe akuti ili pafupi ndi tram (sitima yamagetsi ya mumzinda), dipoziti yake musapereke musanayende nokha wapansi kuchoka pakhomo la nyumbayo mpaka pokwerera. Mawu oti "pafupi ndi tram" ndi omwewo anandikola nawo ejenti wina wa nyumba nditangofika kuno ku Manchester. Pa mapu zimaonekadi pafupi. Koma njira ya ku Bury ija ndi njanji yakale ya sitima yochokera pa siteshoni ya Victoria m'tauni, anangoisandutsa ya tram za Metrolink mu 1992, ndiye masiteshoni ambiri adakali pomwe inkaima sitima kalelo. Pa Heaton Park mumachita kutsika masitepe, njanji n'kulowa kunsi kwa paki. Ine tram ndinkaimva ikudutsa kuseri kwa nyumba, koma kuti ndikaikwere ndimayenera kuzungulira mpanda wonse n'kukaoloka pa mlatho.

Tsiku lomwe sindidzaliiwala linali Lamlungu, mu Disembala, shifiti ya 7 koloko m'mawa ku care home, kosamalira okalamba. Ndinatuluka kunja kuli bii, pansi pali ayezi yekhayekha. Ndili pamlatho paja ndinangoti phii, bondo kuchubuka, yunifomu kunyowa mbali yonse. Ndakwawa choncho kufika pa pulatifomu, palibe ngakhale munthu mmodzi, bolodi ikuonetsa kuti tram yoyamba ikadali kutalitali. Lamlungu imayamba mochedwa, komanso siyenda usiku wonse, zomwe ejenti uja sanatchuleko pomwe ndinamuuza ntchito yanga. Zala zachita dzanzi, magazi akutsikira mu sokosi, foni ya abwana ikungoitana osayankhidwa. Ndinalira ndithu, munthu wamkulu ine. Taxi inadya pafupifupi theka la ndalama ya tsikulo. Kufika kuntchito, abwana aja za bondo osafunsako, anangoloza wotchi n'kundidula ola lathunthu.

Ndiye ejentiyo nditakamudandaulira, akuti kontirakiti ndi ya miyezi 12 ndipo ndinasaina ndekha. Akumwetulira! Anthu amenewa amadziwa kuti tikangofika kumene timakhala tili pa mpanipani, timavomera chilichonse bola denga. Mpaka lero ndikadutsa pa ofesi yake mtima umandiwawa.

Komatu ngati lendi yake ili yabwino itengeni, nyumba zavuta kwambiri pano, mukazengereza mawa mupeza mwalowa wina. Ndipo tram imeneyo ndi yachangu, chifukwa kuchoka ku Bury mpaka ku Victoria ili ndi njira yakeyake, siima pa maloboti ngati basi, mphindi 30 sizikwana. Mungowerengera bwino ndalama yoyendera, poti mtengo umatengera ma zone (zigawo) omwe mwadutsa: Bury ili mu zone 4 pomwe m'tauni ndi zone 1. M'kati mwa tram sagulitsa matikiti, kadi ya kubanki mugunditse pa makina a papulatifomu pokwera komanso potsika, mukagwidwa mulibe tikiti chindapusa chake chimatha kupitirira £100. Ndipo afunseni abwana anu lero lomwe ngati adzikuikani pa shifiti ya Lamlungu m'mawa.