Azakhali, za khansa ya mwanayu tisalozane zala

Eee azakhali mwaswera bwanji, funso lanu ndaliona. Mwati kodi khansa ya m'magazi amupeza nayo mwana wa achimweneyu siyachokera ku fodya amene bambo ake amasuta ndi mankhwala aja amapopera mbewu, komanso mwati alamu anajambulidwapo ekisire ali oyembekezera. Ndati ndingoyankha ndi mawu pagulupu pompano kuti aliyense amve, kutaipa sindingathe nzambiri, ndiye mupirire itenga kanthawi.

Kunena mosapsatira, palibe dokotala angatenge mwana mmodzi nkunena kuti uyu khansa yake yabwera ndi ndudu ya bambo ake, ayi ndithu. Khansa ya ana ndi ya akuluakulu nzosiyana. Wamkulu zimachita kuunjikana, wasuta zaka 30, mapapo atopa, basi zavuta. Nanga mwana wa zaka zinayi wasuta liti? A WHO, bungwe la zaumoyo padziko lonse, amati chaka chilichonse ana ndi achinyamata pafupifupi 400,000 amapezeka ndi khansa dziko lonse lapansi, ndipo ambiri mwa iwowa ngakhale muwafufuze bwanji choyambitsa chenicheni sichipezeka. Amene amachita kubadwa nacho m'thupi chowaika pachiopsezo, zakumtundu zija, ndi pafupifupi mmodzi pa 10 alionse basi. Monga ana a Down syndrome, iwo khansa ya m'magazi imawapeza kwambiri kuposa anzawo, komanso pali ina ya m'diso imene imayenda m'banja.

Ndiye iyi ya m'magaziyi mvetserani bwino. Kuli wofufuza wina ku London dzina lake Mel Greaves, iye ndi anzake anakafukula timadontho ta magazi tija amatenga ku chidendene mwana akangobadwa nkusunga pa kapepala. Anatenga ta ana omwe anadzadwala patapita zaka, nkupeza kuti kolakwikako kanalimo kale tsiku lobadwalo. Mwana akamaumbika m'mimba maselo amagawikana mamiliyoni osawerengeka, selo lililonse likukopera DNA ya linzake, malangizo aja a mmene thupi lipangikire, ndiye pena pamangolakwika, ngati mwana wasukulu akukopera notsi pabolodi nkudumpha mzere. Chodabwitsa nchakuti pafupifupi mwana mmodzi pa 100 amabadwa nako kolakwika kotereka, koma mwa amenewo amene amadzadwala ndi ngati mmodzi pa 100 kachiwiri. Enawo amakula bwinobwino osadziwa nkomwe. Pamafunika kena kachiwiri kadzagwerepo mwana atabadwa kale. Ndiye mukuona, nkhani yake siyoti wina anachita chakuti Lachiwiri lakuti.

Tsono sikuti zotizungulira zilibe mbali, zilipo zina zotsimikizika. Chachikulu ndi radiation, mphamvu yosaoneka ndi maso monga ija imatuluka m'makina a ekisire. M'chaka cha 1956 dokotala wina wamkazi ku Oxford, Alice Stewart, anapeza kuti ana omwe amayi awo anajambulidwa ekisire pamimba ali oyembekezera ankadwala khansa kuposa anzawo, ndipo anthu anamutsutsa zaka zambiri asanavomereze. Nchifukwa chake mpaka lero akamakujambulani amayamba afunsa ngati muli ndi pakati. Koma ijatu inali ya pamimba penipeni, ndi makina a nthawi imeneyo amphamvu zosaneneka. Alamu anandiuza okha kuti yawo inali ya phazi atabinya, kumeneko zofika kwa mwana nzochepetsetsa, sizoti nkuwasowetsa nazo tulo. Ndipo sikani ija amapaka jelo pamimba ija si ekisire, imagwira ntchito ndi mafunde a mawu, ilibe radiation, wina asadzathawe sikelo chifukwa cha nkhani inoyi chonde.

Radiation yoopsa yeniyeni ndi monga ya ku Chernobyl mu 1986, fakitale ya magetsi a nyukiliya itaphulika ku Ukraine. Fumbi lake linagwera pa msipu, ng'ombe nkudya, ana nkumwa mkakawo, patapita zaka zochepa ana masauzande a ku Belarus, Ukraine ndi Russia anayamba kupezeka ndi khansa ya chithokomiro. Panalinso mankhwala ena otchedwa DES omwe ankapatsa amayi kuti pathupi pasachoke, mu 1971 madokotala ku Boston anapeza kuti ana aakazi obadwawo akafika pa utsikana ena akudwala khansa yosowa kwambiri ya njira yoberekera. Anasiya kuwapereka kwa oyembekezera. Apa ndiye umboni unali poyera, opanda chokayikitsa.

Za fodya, sindiwaikira kumbuyo achimwene, amadziwa okha mmene ndimalankhulira. Bungwe la IARC, lija lofufuza za khansa la WHO lili ku Lyon ku France, mu 2009 linanena kuti makolo osuta amaonjezera chiopsezo cha khansa ina ya chiwindi ya ana aang'ono yotchedwa hepatoblastoma, koma iyoyo ndi yosowa zedi ndipo si imene mwanayu ali nayo. Pa ya m'magazi anati umboni ulipo koma ngochepa, makamaka bambo akamasuta mimba isanakhale, poti utsi umatha kuononga mbewu ya abambo. Ndiye fodya si woyera, koma kunena kuti ndi amene wadwalitsa mwanayu, aaa kumeneko nkulumpha.

Mankhwala opoperawa ndi pamene ndikufuna nditsindike pang'ono. Kafukufuku wambiri ndithu wapeza kuti m'mabanja omwe mayi ankagwira kapena kupuma mankhwala ophera tizilombo ali ndi pakati, kaya kuntchito kaya opopera m'nyumba momwe, khansa ya m'magazi imapezekako mochulukirapo. Koma taonani mmene amafufuzira. Amapita kwa mayi amene mwana wake akudwala nkumufunsa kuti zaka zisanu zapitazo munapoperapo chiyani. Mayi ameneyu wakhala miyezi osagona akudzifunsa kuti ndinalakwa pati, amakumbukira kabotolo kalikonse, mtundu wa chitsekerero chake, ngakhale tsiku lomwe anayetsemula. Kenako amapita kwa mayi wa mwana wabwinobwino, iye amangoti kaya, mwina sindinapoperepo, chonsecho anapopera kambirimbiri. Pamapeto manambala amaoneka ngati mankhwala ndi amene achita zonse. Ofufuzawo vutoli amalidziwa, nchifukwa amati pali kugwirizana, sanena kuti ndi chimene chayambitsa. Komanso werengani masamu ake, m'mayiko omwe amalemba bwino manambala, mtundu wofala wa khansa imeneyi umagwira mwana mmodzi pa 2,000. Ngakhale chiopsezo chitawirikiza kawiri ndiye kuti awiri pa 2,000, enawo 1,998 ali phee.

Ine maganizo anga ndi akuti mankhwalawa tiwaope ndithu koma osati kuwasandutsa chikwapu chomenyera achimwene. Popopera avale magolovesi ndi chotseka pakamwa ndi mphuno, zovala zopoperera zichapidwe pazokha osati kusakaniza ndi za ana, woyembekezera asasungunule mankhwala, ndipo chigubu cha mankhwala chikatha chatha, osati kuchitsuka nkumasungiramo madzi. Petulo naye ali ndi benzene, ameneyo kwa akuluakulu nzodziwika kuti amayambitsa khansa ya m'magazi, ndiye zosamba m'manja ndi petulo pochotsa girizi kapena kusunga chigubu chake chipinda chogona ana zisiyike.

Mwina wina afunsa za mawaya akuluakulu a magetsi aja, IARC mu 2002 inangowaika m'gulu la "mwina", umboni wake ngofooka. Ndipitirire.

Zimene anthu saziganizira nkomwe ndi matenda wamba. Mu 1958 dokotala Denis Burkitt ku Uganda analemba za ana otupa nsagwada, chotupa cha khansa chokula mwachangu moti pa masabata ochepa nkhope yasintha. Mu 1964 ofufuza ena anapeza kavairasi ka Epstein-Barr m'chotupa chimenechi, kavairasi koti pafupifupi tonsefe tili nako, koma kakakumana ndi malungo obwerezabwereza mwa mwana mpamene zimavuta. Ndiye neti ija imateteza zambiri kuposa mmene timaganizira. HIV nayo imatsegulira njira khansa yotchedwa Kaposi sarcoma, mayi akamamwa ma ARV bwino mwana nkubadwa wopanda kachilombo, chiopsezo chimenecho chachepa kwambiri. Ku Taiwan anayamba kubaya makanda katemera wa matenda a chiwindi a hepatitis B mu 1984, khansa ya chiwindi mwa ana inatsika zooneka. Izizi ndi zimene zili m'manja mwathu.

Azakhali, alamu dzulo pafoni amangolira, akuti mwina ndi iwo. Akamva kuti pagulupu tikuwerengerana milandu athyoka mtima, chonsecho mwanayu akufunika makolo onse awiri ali chilili kwa zaka ziwiri kapena kuposa, poti mankhwala a khansa imeneyi ndi a nthawi yaitali. Kumayiko olemera ana oposa 80 pa 100 amachira, kumayiko ambiri osauka safika ndi 30 omwe, ndipo zina mwa zifukwa zazikulu ndi kufika mochedwa ndi kusiyira mankhwala panjira mwana akangooneka ngati wapeza bwino. Ifeyo tisalole zimenezo. Khansa sipatsirana, anzake asamuthawe, kungoti amene ali ndi chimfine kapena nthomba asamuyandikire poti chemo, mankhwala a khansawo, imagwetsa chitetezo. Akangotentha thupi, kaya ndi pakati pausiku, osadikira kuche, osangomupatsa panado, kuchipatala nthawi yomweyo. Achimwene mukumva eti, fodya m'nyumba ayi, ndipo bola mungosiyiratu. Amene angathe kukagonera kuchipatala sabata yamawa kuti alamu apumeko alembe dzina pansipa, ine nditenga Lachisanu ndi Loweruka.